WOCHI YA WOYENDETSA NDEGE NDI BWALO LA PA BROKEN HILL

Munthu wokulira ku Kasanda masiku a mgodi sanali kubvutika ndi kugula wochi kuti adziwe nthawi. Lipenga la pa mgodi linali kumuuza zonse: nthawi yodzuka, nthawi yolowa pansi, nthawi yoweruka. Akazi anali kuteleka mphika atamva kulira kwace, ndipo ana anali kudziwa kuti atate ali pafupi kufika. Makolo a anthu omwewo, kumidzi kwao ku Fort Jameson, ku Petauke, ku Nyasaland ndi ku Tete, anali kuwerenga nthawi ndi tambala woyamba, ndi dzuwa likafika paliwombo, ndi ng'ombe zikamabwerera ku khola. Kulakwitsa pang'ono sikunali kupha munthu. Koma m'mudzi womwewo wa Broken Hill, umene lero uchedwa Kabwe, munali malo amodzi kumene kunali kufika anthu amene moyo wao unali kulendewera pa mubvi wa wochi. Malowo ndiwo bwalo la ndege.

Masiku ano m'masitolo akuluakulu a ku Johannesburg, ku London ndi ku Dubai amagulitsa mawochi opangidwa ku Switzerland amene ali atsopano ndithu, koma anawakonza dala kuti azioneka ngati a kalekale. Mtengo wa wochi imodzi yotere umafika madola zikwi zingapo, ndalama zimene munthu wa ganyu sangazione pa caka cathunthu. Ogulitsa amati munthu akaibvala wabvala mbiri ya oyendetsa ndege akale. Ogula ambiri sanamvepo dzina la Kabwe, koma mbali ina ya mbiri imene akulipirayo inapita pompano.

Wochi wamba imangozungulira osaima, ndipo imayankha funso limodzi lokha, lakuti nthawi iri bwanji. Koma pali funso lina limene wochi wamba siingayankhe bwino, lakuti cinthu cakuti catenga nthawi yotani. Wochi yoyankha funso laciwirili ndiyo imene Azungu amaicha chronograph. Iri ndi mubvi wina wautali umene umakhala cete pa 12 kufikira mwini wace atasindikiza kabatani ka m'mbali. Akasindikiza, mubviwo uyamba kuthamanga kuwerenga masekondi. Akasindikizanso, uima pomwepo. Ndipo akafuna aubwezera pa ciyambi kuti ayese cina. Pa nkhope yace pamakhala timabwalo tiwiri kapena titatu tosunga mphindi ndi maora amene apita.

Dzinalo ndi la Cigriki, ndipo litanthauza "colemba nthawi." Poyamba cinali kulembadi. M'caka ca 1821 Nicolas Rieussec, mmisiri wa mawochi wa mfumu ya ku France, anapanga kabokosi koyesera mpikisano wa akavalo ku Paris. Kavalo akafika pa mzere womalizira, munthu anali kusindikiza, ndipo kacitsulo kanali kudontheza kadontho ka inki pa nkhope yozungulira. Mfalansa mnzace, Louis Moinet, anali atapanga kale cipangizo cotere m'caka ca 1816 coyesera kuyenda kwa nyenyezi, koma cinakhala cosadziwika kwa anthu ambiri kufikira caka ca 2013. Cimene cinatsala ndi njira yobwezera mubvi pa ciyambi. Iyi anaipeza Adolphe Nicole, wa ku Switzerland wogwira nchito ku London, m'caka ca 1844. Anasula kacitsulo kooneka ngati mtima, kamene kakakanikizidwa kamatembenuka ndi kukaima pa malo amodzi okhaokha, ngakhale kakhale kanayang'ana kuti. Kamtima kameneko kali m'kati mwa mawochi amenewa kufikira lero.

Ndege ndi wochi yoyesera zinayendera limodzi kuyambira tsiku loyamba. Pa 17 December 1903, pamene abale awiri, Orville ndi Wilbur Wright, anaulutsa ndege yao ku America, pa ndegepo panali wochi yoyesera. Ulendo woyambawo unatha masekondi 12, ndipo mtunda wace unali mapazi 120, osakwana ndi theka lomwe la bwalo la mpira. Koma mawochi a masiku amenewo anali a m'thumba. Mwamuna wobvala wochi pa mkono anali kusekedwa, popeza anthu anali kuiyesa cibangiri ca akazi. Alberto Santos-Dumont, wa ku Brazil wokhala ku Paris, anadandaula kwa bwenzi lace Louis Cartier kuti munthu wouluka, manja onse awiri ali pa zogwirira, sangathe kupisa m'thumba. Ndipo m'caka ca 1904 Cartier anampangira wochi ya lamba yomanga pa mkono. Imeneyo inali wochi wamba, yosonyeza nthawi cabe. Cimene cinathetsa kusekako ndi nkhondo ya 1914, pamene asilikari anaona kuti munthu wogwira mfuti m'ngalande alibe dzanja lotsala.

Womvera wina angafunse kuti nanga bwanji Switzerland, dziko laling'ono lopanda nyanja yaikulu? M'mapiri a Jura, kumalire a dzikolo ndi France, cisanu cimakwirira minda miyezi yambiri. Alimi a kumeneko, posowa cocita m'nyengo imeneyo, anazolowera kukhala pa zenera ndi kusula tizitsulo ta mawochi, banja ili timagudumu, banja lina timibvi, ndipo amalonda anali kuzungulira kusonkhanitsa. M'kupita kwa zaka midzi ya La Chaux-de-Fonds, Le Locle ndi Saint-Imier inasanduka midzi ya nchito imodzi, monga momwe Broken Hill anali mudzi wa mtobvu ndi zinki. Ku Saint-Imier ndiko kunali kampani ya Longines, imene m'caka ca 1913 inapanga makina a chronograph ang'ono okwana pa mkono. Komweko Léon Breitling anayamba nchito yace m'caka ca 1884, nasamukira ku La Chaux-de-Fonds m'caka ca 1892. Ndipo mwana wace Gaston, m'caka ca 1915, anapatsa wochi ya pa mkono kabatani kacekace kosiyana ndi kopotokolera. Koma oyendetsa ndege ambiri a nkhondo imeneyo anali kudalira wochi ya m'thumba yomangidwa patsogolo pao, pafupi ndi kampasi.

Nkhondo itatha, Boma la Britain linafuna njira ya ndege yocokera ku Cairo kufika ku Cape Town. M'caka ca 1919 linatuma magulu atatu a asilikari a ndege kuti asankhe malo otera, ndipo gulu la cigawo ca kumwera, kuyambira ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala, linali m'manja mwa Major Court Treatt. Mabuku amachula dzina lace. Koma ogwira nchitoyo anali amuna a m'midzi, mazanamazana, okhala ndi nkhwangwa, makasu ndi madengu. Iwo anagwetsa mitengo, nazula zitsa, nasalaza nthaka ndi manja. Ku Ndola anatha miyezi yambiri akugumula zulu za ciswe zotalika kuposa nyumba, ndi kusenza dothi lace pamutu. Broken Hill anasankhidwanso, ndipo cifukwa cace sicibvuta kuciona: njanji inali itafika kuno m'caka ca 1906, kotero kuti petulo ndi zitsulo zikanatha kubwera pa sitima, osati pa mitu ya amtengatenga.

Oyamba kuyesa njirayo mpaka kuimaliza anali amuna awiri a ku South Africa, Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand. Ananyamuka ku England pa 4 February 1920 m'ndege ya mainjini awiri ya mtundu wa Vickers Vimy, yochedwa Silver Queen. Ndegeyo inaphwanyika m'cipululu ca kumwera kwa Egypt. Anabwerera ku Cairo, natenga ina, naicha Silver Queen II, ndipo imeneyi ndiyo inalowa m'dziko lino kumapeto kwa February, kutera ku Abercorn ndi ku Ndola, kenaka pa Broken Hill ndi ku Livingstone m'masiku oyamba a March. Anthu a m'komboni amene anathamangira ku bwalo tsikulo anali asanaonepo cinthu cotere cibadwire. Dziko lino liri pamtunda. Broken Hill ali pafupifupi mapazi 4,000 pamwamba pa nyanja, ndipo mpweya wa pamtunda, makamaka dzuwa likatentha, ndi wopepuka, sunyamula bwino mapiko, ndiponso umafooketsa injini. Bvuto limeneli linawapeza ku Bulawayo pa 6 March, pamene ndegeyo inalephera kukwera itasenza petulo wambiri, nigwa. Amuna awiriwo anaturuka amoyo. Boma la kwao linawatumizira ndege yacitatu, yochedwa Voortrekker, ndipo anafika ku Cape Town pa 20 March, patapita masiku 45.

(Caka cotsatira, pa 17 June 1921, dzina la Broken Hill linamveka m'maiko akutali pa cifukwa cina. Wokumba m'mgodi wina wa ku Switzerland komweko, Tom Zwigelaar, pamodzi ndi mnzace wa Cifirika, anapeza cigaza ca munthu wa makedzana m'phanga la mgodiwo. Cigazaco ciri ku London kufikira lero, ngakhale Boma la Zambia lapempha kuti cibwere kwao. Dzina la Mzunguyo linalembedwa; la Mfirikayo silinalembedwe.)

Alan Cobham anapita njira yomweyo kumayambiriro kwa caka ca 1926, nafika ku Cape Town pa 17 February, ndipo anabwerera ndi mau akuti njirayo ingathe kuyendamo makalata ndi anthu.

Tsono wochi inali kucita ciani m'maulendo amenewa? Munthu woyenda pansi akasokera amaima, nafunsa njira pa mudzi. Woyendetsa ndege sangaime. Petulo wace ali wowerengeka, ndipo amatha pa ora lace ngakhale bwalo lisanaoneke. Pakati pa Mpika ndi Broken Hill pali mamailosi ngati 270, ndipo poyang'ana pansi munthu amangoona thengo la miyombo lofanana ponseponse, ndi madambo ofanana wina ndi mnzace. M'miyezi ya cirimwe utsi wa lupsa umaphimba dziko. M'dzinja mitambo ya mvula imaima ngati mapiri. Woyendetsayo anali ndi zinthu zitatu: mapu, kampasi ndi wochi. Kampasi inali kumuuza kumene mphuno ya ndege yaloza. Cipangizo cina cinali kumuuza liwiro lace m'mpweya. Koma mpweyawo nawonso umayenda, monga madzi a mtsinje amatengera bwato, ndipo panalibe cipangizo comuuza liwiro lace leni-leni pamwamba pa nthaka. Ici anali kucipeza ndi wochi.

Nacho citsanzo. Pa mapu pali mtsinje, ndipo mamailosi 20 kutsogolo kwace pali phiri. Podutsa pa mtsinje munthuyo asindikiza kabatani. Pofika pa phiri asindikizanso. Ngati mubvi waonetsa mphindi 12, ndiye kuti akuyenda mamailosi 100 pa ora. Ngati waonetsa mphindi 15, ndiye kuti mphepo ikulimbana naye, ndipo akungoyenda mamailosi 80. Kusiyana kwa mphindi zitatuzo kumaoneka kocepa, koma pa ulendo wa mamailosi 270 kumatanthauza mphindi 40 zoonjezera m'mwamba, ndipo munthu ayenera kudziwa msanga ngati petulo wace adzazikwanitsa, kapena ngati dzuwa lidzalowa iye asanafike, pakuti mabwalo a m'thengo analibe nyali. Akadziwa liwiro lace, amawerenga kuti pakutha pa mphindi zakuti njanji iyenera kuoneka. Nthawiyo ikakwana njanji osaoneka, amadziwa kuti mphepo yamkankhira pambali, ndipo ayenera kuganiza mbali yace. Wofika ku Broken Hill anali ndi zizindikiro zingapo zomuthandiza: njanji yoongoka, dambo lalikulu la Lukanga kumadzulo, dziwe la Mulungushi limene linatsegulidwa m'caka ca 1925 kuti lipereke magetsi ku mgodi, ndi utsi wa mgodi womwewo. Amuna osungunula mtobvu sanali kudziwa kuti utsi umene unali kuwatsokomoletsa unali kulondolera alendo a m'mwamba.

Pamwamba pa nyanja, kumene kulibe mtsinje kapena phiri, wochi inali ndi nchito yaikulu koposa. Dziko lapansi limazungulira kamodzi pa maora 24, ndiko kuti madigiri 15 pa ora limodzi. Kabwe ali madigiri 28 ndi theka kum'mawa kwa Greenwich, kotero dzuwa limafika paliwombo kuno ora limodzi ndi mphindi 54 lisanatero ku London. Munthu wosunga nthawi ya ku Greenwich pa mkono, akayesa dzuwa kapena nyenyezi pamene ali, angathe kuwerenga kutalika kwace kum'mawa kapena kumadzulo. Koma wochi ikalakwa masekondi anai okha, iye walakwa mtunda wa pafupifupi mailo imodzi. Cifukwa cace Philip Weems, wa nkhondo ya pamadzi ya ku America, anakonza ndi a Longines wochi imene munthu angailinganize ndi kulira kwa nthawi kwa pa wailesi mpaka pa sekondi yeni-yeni. Charles Lindbergh, amene m'caka ca 1927 anauluka yekha kucokera ku New York kufika ku Paris m'maora 33 ndi theka, anaphunzira kwa Weems, ndipo m'caka ca 1931 a Longines anaturutsa wochi ya maganizo ace, yosonyeza madigiri pamodzi ndi maora.

Masiku akulu a bwalo la pa Broken Hill anayamba pa nthawi yomweyo. Kampani ya Imperial Airways inayesa njirayo ndi makalata a Khirisimasi mu December 1931, ndipo pa 20 January 1932 inayamba ulendo wa sabata ndi sabata wocokera ku London kufika ku Cape Town, wa masiku 11. Kuno ndege zinali kubwera kucokera ku Nairobi, Dodoma, Mbeya ndi Mpika, kutera pa Broken Hill, ndi kupitirira ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare. Zinali za mtundu wa Hercules, za mainjini atatu, zoyenda mamailosi ngati 110 pa ora. Anayamba pakati pa dzinja, ndipo mvula ya kuno sinawalandire bwino. Ndege yoyamba yopita kumwera, City of Baghdad, inakumana ndi mkuntho nitera mokakamizidwa kufupi ndi Shiwa Ng'andu. Yopita kumpoto, City of Basra, inaonongeka ku Salisbury. Ndipo City of Delhi, imene inatenga makalata ace, inakathera m'dambo kufupi ndi Broken Hill, nititimira m'matope. Makalatawo anafika ku London atacedwa masiku ambiri. Lero maenivulopu a ulendo umenewo amasungidwa ndi kugulitsidwa ndi anthu osonkhanitsa masitampa.

Ngakhale zinayamba motero, njirayo inakhazikika, ndipo mudzi wa mgodiwu unasanduka mphambano ya m'mwamba. Ndege zazing'ono zocokera ku Elisabethville, kumene lero ndi ku Lubumbashi, zinali kubweretsa makalata a ku Katanga kudzakumana ndi ndege yaikulu pano. Kuyambira mu July 1934 kunabweranso Afalansa awiri, René Lefèvre ndi Jean Assollant, amene anali ataoloka kale nyanja ya Atlantic m'caka ca 1929. Iwo anali kunyamula makalata a ku Madagascar, kuoloka nyanja kufika ku Mozambique, kupyola Quelimane ndi Tete, mpaka pa Broken Hill. Motero kalata yolembedwa ku Tananarive yopita ku Paris inali kupita m'manja mwa onyamula matumba a pano. Ndipo ndege zonsezi zinayenera kukumana pa tsiku limodzi. Wocedwa anali kupeza mnzace atapita, makalata nagona sabata lathunthu.

Amisiri a ku Switzerland anali kumvetsera zofuna za anthu otere. M'caka ca 1934 Willy Breitling, mdzukulu wa Léon, anaika kabatani kaciwiri: kam'mwamba koyambitsa ndi kuimitsa, kam'munsi kobwezera. Maonekedwe amenewo, timabatani tiwiri ndi copotokolera pakati, ndiwo amene munthu ali yense amazindikira lero. M'caka ca 1936 a Longines analembetsa njira yakuti kusindikiza kamodzi kokha kubweze mubvi ndi kuuyambitsanso pomwepo, kuti woyendetsa ndege pokhota asataye masekondi. Nkhope zinakhala zakuda, manambala akulu ndi oyera, ndi zopotokolera zazikulu zogwirika ndi dzanja lobvala magolovesi. Palibe cimodzi mwa izi cimene cinaikidwa cifukwa ca kukongola.

Manambalawo anali kuwala mumdima, ndipo nkhani ya kuwalako iyenera kumveka bwino kwa anthu a pa mgodi. Utoto wace unali wosakaniza zinthu ziwiri. Coyamba cinali ufa wa zinki wophatikana ndi sulufule. Zinki ndi citsulo comweco cimene mgodi wa kuno unayamba kuyenga ndi magetsi a ku Mulungushi m'caka ca 1928. Caciwiri cinali radium, amene mphamvu yace yosaoneka imamenya ufa uja usana ndi usiku ndi kuuwalitsa. Kuyambira m'caka ca 1922 radium wambiri wa dziko lonse anali kucokera ku miyala ya pa mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, yokumbidwa ndi Afirika ndi kukayengedwa ku Belgium. Opaka utotowo anali atsikana a m'mafakitale, ku America ndi ku Switzerland. Ku America anawaphunzitsa kusongola kaburashi ndi milomo yao kuti manambala aoneke bwino, nawauza kuti utotowo ulibe coopsa. Radium akalowa m'thupi amakakhala m'mapfupa. Mano a atsikanawo anayamba kugwa, nsagwada zao zinaola, ndipo ambiri anafa akali ang'ono. Asanu a iwo, motsogozedwa ndi Grace Fryer, anasumira kampani yao ku New Jersey, ndipo mlanduwo unatha ndi malipiro m'caka ca 1928, onse asanu ali odwala kale. Ufa wa zinki umatopa patapita zaka, manambala nasiya kuwala, nasanduka ofiirira ngati fodya wouma. Koma radium amataya theka lokha la mphamvu yace pa zaka 1,600. Wochi yakale imene inazima kalekale ikali ndi ululu wace, ndipo siiyenera kutsegulidwa ndi munthu wosadziwa. Anthu a ku Kasanda ndi ku Makululu safunika kuuzidwa zambiri za ululu umene umatsala nchito itatha: mgodi unatsekedwa m'caka ca 1994, koma mtobvu ukali m'pfumbi la m'mabwalo a nyumba ndi m'magazi a ana.

Ulemerero wa bwalo la pa Broken Hill sunakhalitse. Likulu la dziko linasamukira ku Lusaka m'caka ca 1935. M'caka ca 1937 a Imperial Airways anayamba kuyendetsa ndege zotera pamadzi, zimene zinatsata gombe la nyanja kupyola Mombasa, Dar es Salaam ndi Beira mpaka ku Durban, ndipo njira yaikulu inacoka kumtunda kuno. Zaka zisanu zokha ndizo zinali za mphambano ija.

Codabwitsa n'cakuti wochi yochuka koposa ya oyendetsa ndege inabadwa zonsezi zitapita. Navitimer ya a Breitling inakonzedwa m'caka ca 1952. M'mphepete mwace muli mikombero iwiri ya manambala, wina woima, wina wozungulira, ndipo munthu akaitembenuza angathe kucurukitsa ndi kugawa: mamailosi akuti pa mphindi zakuti ndi liwiro lakuti, petulo wakuti adzatha pa nthawi yakuti. Masamu aja a mtsinje ndi phiri anakhala pa mkono. M'caka ca 1962 Scott Carpenter anabvala ina ya mtundu umenewu, ya maora 24, pozungulira dziko katatu m'mlengalenga, kumene usana ndi usiku zimasinthana pa ora ndi theka. Koma pa nthawi imeneyo ndege zazikulu zinali zitayamba kale kulondoleredwa ndi mawailesi a pansi, ndipo wochi ya pa mkono inali kusanduka ya padera, yodikira tsiku la tsoka. Zaka zomwezo ndi zimene wochi inafala m'makomboni a kuno. Mnyamata wobwerera kumudzi ndi njinga, wailesi ndi wochi pa mkono anali munthu woti anthu amuone, ndipo m'migodi yambiri munali mwambo wopatsa wochi munthu amene wagwira nchito zaka zambiri.

Pa 25 December 1969 kampani ya Seiko ya ku Japan inagulitsa wochi yoyamba ya pa mkono yoyendera batire ndi kamwala ka quartz. Posacedwa mawochi otere anachipa kwambiri, ndipo anali kusunga nthawi bwino kuposa a sipuling'i onse. M'mapiri a Jura munagwa cimene anthu a Kabwe anadzaciona pambuyo pace. Ogwira nchito ya mawochi ku Switzerland anali ngati 90,000 m'caka ca 1970. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 anatsala ngati 30,000. Banja la Breitling linatseka fakitale ndi kugulitsa dzina lace m'caka ca 1979. Ku Le Locle eni ace atsopano a kampani ya Zenith analamula kuti zipangizo zonse zopangira chronograph yao yochedwa El Primero zitayidwe. Mmisiri wina wacikulire, Charles Vermot, anapempha kuti zisungidwe, namkaniza. Iye sanakangane nao. Madzulo ndi madzulo, anzace ataweruka, anali kusenza zidindo, zida ndi mapepala ace kukwera nazo m'cipinda ca pansi pa denga, nazilemba bwino-bwino, natseka malowo ndi khoma. Patapita zaka pafupifupi khumi, pamene anthu anayambanso kufuna mawochi a sipuling'i, iye anaonetsa pamene anabisa, ndipo nchitoyo inauka.

Koma inauka ndi colinga cina. Munthu wogula wochi yotere lero sakugula nthawi, pakuti nthawi ali nayo kale pa foni. Makampani anatsegula mabuku ao akale, nayamba kupanganso zimene anasiya. M'caka ca 2017 a Longines anaturutsa Avigation BigEye, yotengera wochi yao ya oyendetsa ndege akale; m'caka ca 2019 a Breitling anapanganso Navitimer ya 1959 monga inaliri, kukula kwace ndi malembo ace omwe. Luso la m'kati mwace ndi loona, ndipo munthu woona timagudumu mazana tikuyenda pamodzi m'kabokosi kocepa ngati ndalama yacitsulo sangalephere kulemekeza manja amene anatisula. Utoto wa manambala a masiku ano ulibe radium. Umamwa kuwala kwa dzuwa ndi kukubweza usiku, ndipo suphetsa munthu. Koma pa mawochi ambiri otengera akale amauthira dala mtundu wofiirira uja wa fodya wouma, kuti ufanane ndi utoto wa radium wokalamba, popeza ogula amati ndiwo wokongola.

Ndege zocokera ku Lusaka kupita kumpoto zimadutsa pamwamba pa Kabwe zisanathe ndi mphindi 20 zomwe, ndipo sizitera. Oziyendetsa safunafuna njanji kapena utsi. Amauzidwa pamene ali ndi masetilaiti a GPS ozungulira kutali m'mlengalenga, ndipo setilaiti iri yonse yanyamula wochi. Imaulutsa nthawi yace mosalekeza. Kacipangizo kolandira kamayesa kucedwa kwa mau ocokera ku masetilaiti anai kapena oposa, ndipo ndi kucedwako kamawerenga malo ace. Woyendetsa Hercules anali kuopa kulakwa mphindi zitatu. Pano wochi ikalakwa gawo limodzi la magawo 1,000,000 a sekondi, malo alakwika mamita 300. Kacipangizo komweko kali m'mafoni ambiri a m'matumba a anyamata amene amakwera pa Black Mountain m'mamawa kukakumba zotsalira za mgodi.